Unamwa Monga Anakuuzira, Tamanda

Tamanda mng'ono wanga, lero ndimaluka kasitomala tsitsi pa Namitete, misozi n'kungoyamba yokha. Ndinakumbukira tsiku lija ndikukuluka pakhonde, zala zanga zikugunda zotupa m'mutu mwako. Unati, "Asisi, kokani pang'onopang'ono. Chindisinthireni mapilitsi a khunyu aja, ndikugwa kuposa kale." Unasekanso, ati tsitsi libisa zonse.

M'mawa mwake ndinakuperekeza kuchipatala. Adokotala sanadzutse n'komwe mutu, anangoti, "Pitirizani kumwa, thupi lizolowera." Iwe ndi kumvera kwako, sunadumphitse ngakhale tsiku. Unamwabe mpaka tsiku lomwe unagwa pachitsime osadzukanso. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti unkazemba mankhwala. Zimenezo ndiye zimandiwawa mpaka pano, Tamanda. Unafa ukumvera, koma mlandu anakusenzetsa iweyo.