Pa Kpaka ndi Khanda Lonjenjemera

Akhristu anzanga, mwezi watha tinaika m'manda agogo athu, Pa Sylvanus Kpaka, kalipentala wa parishi yathu kuno ku Kenema. Ambiri mumangowadziwa ngati nkhalamba yamakani ija inkakhala pakhomo la tchalitchi. Imvani tsono chimene chinawakhazika pamenepo.

Anabadwira m'banja la alimi a mpunga, ndipo anabatizidwa ali mnyamata. Nkhondo itavuta akazi awo anafera m'njira, iwo n'kufika kuno ndi sompho, kolona ndi kamwana kakakazi, Yeama. Mabenchi takhalapowa anakhoma ndi iwo. Ankakonda kunena kuti, "Yosefe Woyera sanalalikepo, ankangopala matabwa."

Yeama atakula anakodwa ndi kushi, fodya woipa uja watha ana athu. Anabereka kamtsikana, n'kukasiya kwa atate ake, iye ulendo kwa anzake kunsi kwa mlatho. Khandalo linabadwa ndi chibaba cha fodya wa mayi ake. Linkanjenjemera, timanja titakunga nkhonya, kulira kosalekeza, mkaka kumangosanza. Linkadekha pokhapokha munthu akaika dzanja pachifuwa pake. Pa Kpaka anatenga nsalu n'kulibereka kumsana, kumapala matabwa amuna anzawo akufa nacho chiseko.

Atapita kukapempha ubatizo wa khandalo, Mami Ayodele Macauley, wapampando wa bungwe la parishi, anawabweza.

"Pa, mayi ake ayambe alapa. Tchalitchi si kosuta kushi ayi."

"Nanga mwanayu anasuta liti, Mami?"

Kubwezedwako kunawawawa Pa Kpaka mumtima kwambiri.

Chaka chomwecho bungwe linawapempha kusema chiboliboli cha Amayi Maria cha pakhomo. Tsiku lochivundukula anthu anagwira pakamwa. Panakhala mayi wowonda, maso olowa, manja lende, nkhope yake ya Yeama yeniyeni. Khanda analisema palokha n'kulikhazika pa kachitsulo kopyapyala, moti chitseko chikangotsekulidwa linkanjenjemera mpaka wina aligwire.

"Mwatukwana Amayi Maria, nkhalamba inu!" anakuwa Mami Macauley. "Chiwotchedwe chimenechi!"

"Amayi Maria ali kuguwa ndi maluwa awo," anatero Pa Kpaka. "Uyu ndi mwana wawo amene munamutsekera kunja. Mukafuna kuwotcha muyambe ndi ine. Ndine nkhuni youma kale, ndiyaka bwino."

Anatenga kampando n'kukhala pomwepo, osasuntha. Bambo Lahai, wansembe wathu nthawi imeneyo, analiyang'ana khanda lamtengolo kwa kanthawi, n'kuikapo dzanja, ilo zii. Lamulungu lotsatira anabatiza mdzukulu uja, n'kumutcha Monika.

Kuyambira pamenepo Pa Kpaka sanaphonye Misa, ndipo malo awo anali pakhomo. Aliyense wolowa ankamuuza kuti, "Gwirani, sililuma." Ena ankazemba, Mami Macauley mpaka anayamba kulowera khomo lam'mbali. Koma atsikana okodwa ndi kushi anayamba kubwera ndi makanda awo, amayi a m'miphakati ya mpingo wathu n'kumasinthana kuwabereka. Chifuwa cha khanda lamtengo chinasalala ndi manja a anthu. Yeama yekha ndiye sanabwere, ngakhale atate ake ankamutchula pa kolona tsiku ndi tsiku mpaka imvi mbuu.

Pa Kpaka anamwalira mwamtendere pakampando kawo Misa itangotha, kolona ili m'manja, Monika atawagwira phewa.

Tsiku la maliro Yeama anatulukira, wowonda, nsalu yakuda bii, n'kuima kunja kwa chitseko. Bokosi polowa chitseko chinamenyetseka, khanda lija n'kuyamba kunjenjemera, wolisamala kulibe. Yeama anasendera n'kuika dzanja pachifuwa pake, misozi chuchuchu. Mami Macauley anayandikira ndi ndodo yawo kuti alankhule, koma Monika, namwali tsopano, anawadula.

"Mami, awa ndi amayi anga. Alowera khomo ili."

Ndipo Yeama analowa, n'kukhala pa benchi lakutsogolo limene atate ake anakhoma.

Tisanamizane, Yeama sanachiretu. Amagwa n'kudzuka, koma Lamulungu mumupeza pakampando kaja. Inu mukamalowa musamadutse ngati simukuona. Khanda lija likunjenjemerabe, ndipo Pa Kpaka kulibe. Gwirani, sililuma.