Yunivesite Imodzi, Mayina Asanu

Kuseri kwa laibulale, m'kachipinda kamene fani yake inaleka kuzungulira kalekale, munkagwira ntchito mayi wina amene onse ankangowatchula kuti Amawerengera. Kwa zaka makumi awiri ntchito yawo inali imodzi: kusonkhanitsa mapepala a kafukufuku amene aphunzitsi asindikiza, kuti yunivesite ikwere pamndandanda wa mayunivesite.

Vuto linali dzina. Sukuluyo inayamba ili koleji, kenako anaiphatikiza ndi ina, kenako akuluakulu anaipatsa dzina lalitali loti polimaliza mpweya wakuthera. Mphunzitsi aliyense ankalemba lomwe lamukomera, ena n'kumafupikitsa mwanzeru zawo. Makompyuta a anthu osanja mndandandawo sadziwa chibale. Ankaona tisukulu tisanu, tonse tili kumchira.

Chaka china mkulu wa yunivesite ananena mosapsatira mawu kuti sukulu ikapanda kukwera ndithu, ofesi ya mayiwo itsekedwa. Mayiwo anali atatopa, miyendo ikutupa, komabe anayenda khomo ndi khomo kupempha aphunzitsi kuti alembere magazini amene anasindikiza mapepala awo kuti akonze dzinalo. Ambiri anavomera pakamwa pokha.

Wovuta kwambiri anali pulofesa wa za nthaka, nkhalamba ya mapepala makumi anayi, onse okhala ndi dzina la koleji yakale. Kawiri konse anawabweza ali pakhomo. Ulendo wachitatu anawapatsa mpando.

"Mayi, ine ndinaphunzira pakoleji, ndinakwatira ndili pakoleji," anatero pulofesayo. "Yatsopanoyi sindiidziwa."

"Bambo, ndagwira mwendo wanu. Kunyumba akudalira ine."

Nkhalamba ija inasaina makalata onse. Koma zinachedwa. Magazini asanu ndi anayi okha ndiwo anayankha nthawi isanathe. Yunivesite inangosuntha pang'ono, ofesi inatsekedwa, ndipo mayiwo zinawawawa kwambiri.

Tsiku lomaliza kalaliki anawapatsa fomu yosiyira ntchito. Pamzere wa malo a ntchito, dzanja lawo linalemba lokha dzina la koleji yakale, limene linali pachipata tsiku limene anabwera kudzayamba ntchito ali mtsikana. Kalaliki analoza ndi cholembera, nati alakwitsa, kompyuta siwazindikira.

Amawerengera anayang'ana mzerewo kanthawi, nabweza fomuyo.

"Lisiyeni choncho, mwanawe," anatero. "Ndakonza mayina okwana ine."