Mipira Imene Yusufu Anataya

Lachiwiri pa bwalo la ku Chinguluwe tinalipo ndi awa: ine, mwana wanga Limbikani amene amaphunzitsa timu ya m'mudzi mwathu, a Mbewe ogulitsa nzimbe, Che Saidi osoka maukonde, ndi mdzukulu wawo Yusufu, wosewera pakati, pamodzi ndi anyamata ena a timuyo.

Limbikani anatulutsa foni. Akuti anajambula kanema wa masewero athu, n'kuwerenga mipira imene aliyense anapatsira mnzake. Yusufu ndiye anataya yambiri. Choncho Loweruka, tsiku lobwera akuluakulu a timu ina ya ku Lilongwe kudzasankha anyamata, Yusufu akhala panja, alowa mnyamata wina, Gift.

Yusufu anangozyolika. Agogo ake anavula kofia, n'kuivalanso.

Ine ndinakuwa. Mawu anga mumawadziwa, amamveka mpaka ku depoti ya ku Salima. "Gift? Uja amabweza mpira kwa goloboyi ngati khasu lobwereka?"

"Bambo, manambala sanama," anatero Limbikani.

Sanama, inde. Koma amaona chiyani? Gift akapatsira mnzake amene waima apa ndi apo, foni imati wakhoza. Yusufu akaponya kutsogolo, pamene womwetsa zigoli amayenera kuthamangira, mwini wakeyo ali chiimire manja m'chiuno, foni imati Yusufu wataya. Wataya ndani pamenepo, abale?

Komanso bwalo lathu, mbali ya ku minda ya mpunga, silimauma. Mpira wapansi umafera m'matope. Yusufu amadziwa, n'chifukwa chake amaukweza m'mwamba, ndipo wam'mwamba ndi wolimbirana. Foniyo inapondapo matope amenewo? Zonsezi ndinamuuza Limbikani pomwepo, mokweza, anyamata ake akumva.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma mpira ndauona kuyambira tikusewera opanda nsapato. Lero mukatsegula wailesi, manambala okhaokha. Ana amva zimenezo, ayamba mantha. Aliyense akungopatsira pafupi kuti asamuwerengere kuti wataya. Nanga chigoli chichokera kuti?

Mwana wanga sindikumunyoza ayi. Kwathu kuno ukasiya mwana wa munthu panja, banja lonse limaleka kukupatsa moni, ati umakondera. Foni ndi pothawira pake. Ndikumumvetsa. Koma Yusufu nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo a ku Lilongwe sabwera kawiri.

Pobwerera Limbikani anandikweza pa njinga yake yamoto. Titafika pakhomo anazimitsa injini, n'kunena osacheuka:

"Ndioneranso kanemayo. Yusufu ayamba Loweruka. Koma inu bambo mwandikalipira pamaso pa anyamata anga. Loweruka mukhala kunyumba."