Chithunzi Chimene Chinapsa ku Beira

Amuna anga anali ojambula zithunzi ku Ulongwe, ndipo makina awo ojambulira ankawasamala kuposa munthu aliyense wa m'nyumba mwathu. Sindikunena izi mwansanje ayi. Mwana akatsokomola ankangoti mumwetseni madzi ofunda, koma makina akangolowa kafumbi, tsiku limenelo tonse tinkayenda monyang'ama. Anali makina akale aja a filimu, imene ife kuno timati rolo. Rolo ikadzaza ankaitumiza ku Tete kuti akaitsuke, zithunzi n'kubwera mu envelopu. Mafoni ojambula anali asanafike m'manja mwa anthu ngati ife. Kaya ndi ubatizo ku Fonte Boa, kaya ukwati ku Domwe, kaya maliro, iwo ankapezekapo, lamba wa makina ali m'khosi.

Munthu mmodzi amene sanamujambulepo anali mayi anga. Mayi anali ogwira mwambo. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira wina amapatuka, akafuna kulankhulana amafulatirana. Ambiri anali atazisiya zimenezi, koma osati mayi. Chikwatirireni ine, amuna anga akafika pakhomo pawo mayi ankakoka chitenje n'kuphimba nkhope, n'kumalankhula ndi khoma. Nanga kuwajambula kukanatheka bwanji, poti kujambula munthu n'kumuyang'anitsitsa? Kupita kwa wojambula wina ankakananso, amvekere kumeneko n'kunyoza mkamwini. Kachithunzi kokhako kamene anali nako, ka pa bilyeti, chiphaso chawo cha boma, kanavumbwa ndi mvula tikubwerera kuchokera ku Malawi kothawa nkhondo. Pamene panali nkhope panangotsala banga.

Chaka chimene chotupa chinawagwira m'mimba, achipatala anatitumiza ku Beira. Amuna anga anati atiperekeza, anthu n'kumawatama kuti mkamwini ndi ameneyu. Ine ndinkadziwa kuti akutsatira marolo ndi mabatire, poti ku Beira sizisowa. Tinakwera shapa, kaminibasi ka kwathu kuno, mpaka ku Tete, n'kulumikiza basi yaikulu. Mayi anakhala mpando wakutsogolo, amuna anga wakumbuyo, ine pakati ngati mtenga mawu. Kuchipatala adotolo anawapima, anawapimanso, kenako anatiuza mwaulemu kuti tibwerere kunyumba, mayi azikadya chilichonse chimene mtima wawo ukufuna. Mayi sanapite kusukulu koma anamva. Potuluka anati asanakwere basi akufuna akaone nyanja ya mchere imene ankangoimva.

M'mawa mwake, ku pensau kumene tinkagona, amuna anga anayamba kukonzekera ngati akupita kunkhondo. Makina anawalowetsa m'pepala la pulasitiki, n'kuboola kabowo pogwera diso lake, n'kumanga ndi mphira. Pamwamba pake anakulunga ndi chitenje changa chatsopano, osapempha n'komwe. M'chikwama anathiramo mpunga wosaphika woti uzimwa chinyontho. Uku akumanga, uku akundilalikira kuti kwathu mdani ndi fumbi, koma kunyanja adani alipo awiri. Mchenga ukalowa kambewu kamodzi umakukuta m'kati monse, ndipo mchere umayenda m'mphepo, sumaoneka, umangodya chitsulo mwakachetechete. Chikwama chisakhudze pansi, ndichinyamule pachifuwa. Ndinachinyamuladi ngati khanda, mayi anga odwala akudziyendera okha.

Panjira amuna anga anajambula sitima zapamadzi padoko, nyumba zosanjikizana, ndi nsanja ina yamizeremizere. Titayandikira mchenga anabisala kuseri kwa khoma, ndipo ndinamva akupukusa kachogwirira ka makina, kulira kwake kumene ndinkakudziwa bwino, kosonyeza kuti rolo yadzaza. Ine ndinali nditagwada ndikuvula mayi nsapato. Ndinangoti m'mtima ndiye kuti akuika ina.

Mayi anafika pamadzi pang'onopang'ono, atandigwira phewa. Funde litawanyambita mapazi anabwerera m'mbuyo, kenako anawerama, anatunga ndi dzanja n'kulawa. Analavula n'kuseka, akufunsa kuti wathira mchere wonsewu ndani, nanga ndiwo zake zili kuti. Ndinali ndisanawamve akuseka chiyambire matenda. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kumene madzi amathera, mphepo ikuwakupiza chitenje. Kenako anandikoka mkono.

"Kawauze bambo a ana ako andijambule."

Ndinawafunsa kuti nanga mwambo. Anati kuno si kwathu, mwambo sunakwere nawo basi. Anati akufuna chithunzicho ndikachikhome m'nyumba mwanga, kuti ana anga ndi ana awo adzadziwe kuti agogo awo anali ndi nkhope, ndiponso kuti anafika kunyanja.

Nditawauza amuna anga, anayang'ana kumwamba, anayang'ana mchenga umene unkauluka m'miyendo mwathu, n'kunena kuti mphepo yachuluka. Ndinawachonderera motsitsa mawu kuti mayi asamve. Ndinawakumbutsa zimene adotolo ananena. Anapuma mwamphamvu ngati ndawapempha impso, kenako anavomera. Koma anandilamula kuti ndipite ndi chikwama kumtunda kwenikweni, kukhoma kuja, kutali ndi malovu a nyanja. Ndinapita. Ndili kumeneko ndinaona mayi akutsitsa chitenje kumaso, akukonza duku, n'kutembenuka kuyang'anizana ndi mkamwini wawo koyamba. Anaima njo, manja m'mbali ngati ali pa Misa. Amuna anga anakweza makina, n'kutsitsa. Mayi anakweza chala kupempha chinanso, iwo n'kukwezanso. Nkhope ya mayi sindinaione, ndinali kutali ndipo dzuwa linkandithobwa m'maso. M'basi pobwerera mayi anandinong'oneza kuti choyamba anaumitsa nkhope chifukwa cha manyazi, koma chachiwiri anaseka mpaka mano onse kuonekera, ndipo chimenecho ndi chimene ndidzakhome.

Titafika kwathu, mayi anayamba kudikira. Ndikapita ku Fonte Boa kukawaona, asanafunse za ana ankafunsa ngati envelopu yafika kuchokera ku Tete. Anali atauza amayi onse a m'mphakati mwawo kuti anajambulidwa atapondamo m'nyanja. Thupi linkatha, koma nkhani imeneyi ikayamba ankadzuka n'kukhala tsonga.

Envelopu inafika. Ndinaitsegula ndekha patebulo. Sitima zinalimo, nyumba zosanjikizana zinalimo, nsanja inalimo kangapo konse. Mayi munalibe. Amuna anga sanadzutse n'komwe mutu pa makina amene ankapukuta. Anangoti zithunzi za apongozi zinapsa, zimachitika, kuwala kwa kunyanja n'koopsa.

Uthengawo ndinakautula ndine. Mayi anagwedeza mutu n'kunena kuti ankadziwa. Anati munthu sungaphwanye mwambo wa makolo n'kuyembekeza kuti zikuyendere, nkhope yawo ndi imene inapsereza rolo ya mkamwini. Ndinawatsutsa, ndinati tiyeni akujambuleninso pompano pakhonde. Anakana kwamtuwagalu. Anati awononga kale katundu wa mwini wake kamodzi, sangabwerezenso. Tsiku lomwelo anagwiritsa nkhuku yawo yoikira mazira, yokhayo imene inatsala, kuti ndikapereke kwa amuna anga ngati chipepeso. Amuna anga anailandira ndi manja awiri. Anati ndiiphike yothira tomato wambiri, ndipo anaidya mpaka kuphwanya mafupa. Kuyambira pamenepo mayi akamva njinga yawo ankaphimba mutu wonse, osati mbali yokha.

Zoona zake ndinazimva ndikusenda mbatata ya kachewere kuseri kwa nyumba. Kunabwera mphunzitsi wina amene anali atagula makina ake, ndipo ankapita kunyanja patchuthi, ndiye anadzafunsa nzeru. Amuna anga akapeza womvetsera sadziwa kutsitsa mawu. Anamuuza za pulasitiki, za mpunga, za kupukuta ndi kansalu kouma madzulo. Kenako anati lamulo lalikulu ndi ili, kumchenga usatsegule kumbuyo kwa makina, zivute zitani. Anati iwo ku Beira rolo inawathera asanafike pamadzi, anangoipukusa n'kuisiya momwemo mpaka ku pensau.

"Nanga apongozi atafuna chithunzi ndikanatani? Ndinangowalizira makina, khetche, khetche, nkhalamba n'kukondwa."

Anaseka onse awiri. Ine mpeni unali m'manja, ndipo ndimayamika Mulungu kuti panali khoma pakati pathu.

Mlendo atapita ndinawafunsa. Sanakane, sanachite ngakhale manyazi. Anandifunsa ngati ndikanakonda mchenga ulowe m'makina, nanga bwenzi tikudya chiyani. Anati kodi mayi sanasangalale tsiku lija, vuto lili pati. Nditafunsa za nkhuku anati akanaikana mayi akanakayikira, ndiye anaidya powachitira chifundo. Ndinawatukwana mawu amene sindingalembe pano, ndipo sindinapite nawo kokalapa.

M'mawa ndinalawirira ku Fonte Boa. Ndinkafuna mayi adziwe kuti nkhope yawo sinapsereze kanthu, kuti sanalakwire aliyense, kaya makolo kaya mkamwini. Ndinawapeza atagona pamphasa padzuwa, atatha ngati mwana. Ndinawafotokozera zonse. Anandiyang'ana ngati ndine amene ndikudwala.

"Ndinamva ndekha makina akulira, kawiri. Usamunamizire mwamuna wako pofuna kundisangalatsa."

Ndinalumbira, ndinalira, koma sizinathandize. Anamwalira m'nyengo yozizira, chisanu chitayera m'madimba, akukhulupirirabe kuti wolakwa anali iwo.

Pamaliro, nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anandanda kulowa m'nyumba. Ine ndinakhala kumutu kwa bokosi. Ndinangoona amuna anga akulowa, makina ali m'khosi, opukutidwa mpaka kunyezimira. Anawerama n'kundinong'oneza kuti aikamo rolo yatsopano, awajambule tsopano kuti ndikhale nacho chithunzi changa chija, poti kuno kulibe mchenga. Ndinavula chitenje cha paphewa n'kuphimba nkhope ya mayi, ndipo ndinalankhula mokweza kuti nyumba yonse imve.

"Mkamwini saona nkhope ya apongozi. Tulukani."

Mchimwene wanga anandigwira dzanja, anati mlongo, aloleni, tidzakhale nako kokumbukira. Amayi a mpingo nawonso anandinyengerera. Ndinakana. Ndinagwira chitenjecho m'mbali zonse mpaka amuna anga anatuluka, ndipo bokosi linakhomedwa chitenje chili momwemo. Mchimwene wanga amandidandaulabe mpaka lero. Ine ndimamuyankha kuti mayi anapereka nkhope yawo kamodzi ali moyo, ikuseka, munthu n'kuiseweretsa. Sindikanamupatsanso yachiwiri ili yozizira.

Ukwati sunathe, musadabwe. Ana anali aang'ono, ndipo ife a Katolika sitithetsa ukwati chifukwa cha chithunzi. Ntchito yojambula ndi imene inatha, mafoni atabwera. Makina aja alipobe m'kabati, m'pulasitiki mwake, pambali pa kathumba ka mpunga. Lamlungu lililonse tikachoka ku Misa amawatulutsa, amawapukuta, amawaliza kamodzi n'kuwabwezera. Amanyadira kwa aliyense kuti makina amenewa anafika kunyanja ya mchere n'kubwerako opanda kambewu ka mchenga, ndipo sanama.

Tsopano ndili ndi zidzukulu, ndipo zimandifunsa kuti agogo aakulu ankaoneka bwanji. Ndimayamba bwino, ndimati anali aafupi, akuda, a mpata kumano. Ndikafika pamaso ndi pamphuno zimandisokonekera, ndimapezeka ndikufotokoza nkhope ya mng'ono wawo. Imene imabwera msanga ndi ya pamphasa ija, yotha ndi matenda, ndipo imeneyo sindiifuna. Ndimafuna ya ku Beira, yachiwiri ija, koma ine ndinali kukhoma nditakumbatira chikwama. Amene anaiona ndi munthu mmodzi yekha padziko lonse, ndipo ndimagona naye nyumba imodzi.

Chaka chatha ndinameza mkwiyo wanga n'kuwafunsa amuna anga. Anali pakhonde, kansalu m'manja, akupukuta diso la makina. Ndinati bambo, tandiuzani chabe, mayi ankaoneka bwanji pamene ankaseka paja. Anaganiza pang'ono, moona mtima ndithu, kenako anati sakukumbuka. Anati iwo nthawi imeneyo sankayang'ana mayi, ankayang'ana mphira ngati yagwira bwino pulasitiki.