Tsiku Limene Injini ya Boti Inazima

Ife a ku Madisi madzi amene tinkawadziwa ndi a pachitsime ndi a m'dambo basi. Chaka chimene boma linasintha, titagulitsa fodya, a kwaya ya kutchalitchi kwathu tinapangana zokaona nyanja ku Salima. Tinatsika mapiri a Dowa pa lole, tikuimba njira yonse.

Pa ulendowo panali amuna anga ndi achimwene anga aakulu. Awiriwa sankamwerana madzi chichokereni chisankho: achimwene anali a chipani chakale, amuna anga a chatsopano.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Pamchenga tinapeza bambo wina wa boti la injini amene ankanyamula alendo kukazungulira nawo chilumba. Ambiri anakana, koma ife ochepa tinakwera. Ine ndinakhala pakati, amuna anga uku, achimwene uku. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife wotha kusambira.

Poyamba tinkaseka, madzi akutiwaza kumaso. Koma gombe litayamba kuoneka ngati kamzere, injini inatsokomola n'kuzima. Mwini boti anakoka chingwe, kukokanso, koma zii. Mphepo ya mwera inali itayamba, ndipo mafunde ankamenya boti cham'mbali. Mayi wina anatulutsa kolona n'kuyamba kupemphera.

"Ufulu wanu uja ndi umenewu, alamu," anatero achimwene. "Aliyense kungotola chiboti chowola, basi azinyamula anthu."

"Kale lija mukanatsegula pakamwa chonchi?" anayankha amuna anga akudzuka.

Achimwene nawo anadzuka. Boti linapendekeka, funde linalowa, madzi mpaka m'akakolo.

"Khalani pansi, mutimiza!" anakuwa mwini boti.

Sanamve. Awiriwo ankalozana zala pamwamba pa mutu wanga, boti likupita uku ndi uku. Ndinagwira malaya a onse awiri n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse.

"Mukufuna mwana ali m'mimbamu afere m'madzi muno?"

Onse anakhala pansi. Amuna anga ankadziwa kuti ndine woyembekezera, koma achimwene aka kanali koyamba kumva. Achimwenewo anatembenukira kwa ine.

"Iwe, bwanji sunanene tisanakwere?"

Pomwepo funde lina linalowa. Mwini boti anaponyera amuna anga chigubu chodula kuti azikapa madzi. Achimwene anavula chipewa chawo n'kumakapira chomwecho. Madzi ankatuluka pang'ono, kulowa ambiri. Chilumba chija tinkachiona chikutsalira kumbuyo, mphepo ikutikankhira kumene kunalibe mtunda.

Mwini boti anandipempha chitenje changa chapamwamba. Anachimangirira kunkhafi n'kuyamba kuchikupiza m'mwamba. Manja ake atatopa, analandira mayi wa kolona uja. Ine ndinangogwira thabwa limene ndinakhalira, maso ali pa madzi amene ankakwera m'miyendo mwanga.

Patapita nthawi tinamva kulira kwa injini ina. Anali asodzi. Anatiponyera chingwe, koma chinagwera m'madzi. Ataponyanso, amuna anga anachiwakha, chikhatho n'kusupuka, koma sanachitaye.

Titafika kumtunda, ndinangodzigwetsa pamchenga. Amayi a kwaya anandinyamula n'kukandigoneka pansi pa mtengo, wina akundikupiza ndi mpango. Nsomba zimene anatiwotchera sindinazilawe n'komwe. Pobwerera dalaivala anandikhazika kutsogolo, ndipo ndinagona tulo mpaka pa Mponela.