Voti ya Pansi pa Chigafa cha a Nankhoma

Utcheya wa kalabu yathu ndinaupeza chifukwa cha pakamwa panga. Ndinali nditangolowa kumene m'gulumo, gulu la anthu a pa Chamama ongodzipereka popanda malipiro: kukonza timilatho, kufolera nyumba za okalamba, kulambula pa mjigo. Pa msonkhano wina tinakhala kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka nkhuku kuyamba kulowa, nkhani yake imodzi yokha, yakuti wilibala ya kalabu izigona kwa ndani. Ndinalephera kupirira. Ndinaimirira n'kunena kuti ine ndasiya makina osokera ndi madiresi a eni ake, sindinabwerere wilibala. Anthu anafa nazo kuseka, ndipo a Saidi, mwini golosale ya pafupi ndi msika, anati, "Poti mayiwa amadziwa kuthamanga, apatseni mpandowo." Tsiku la chisankho manja onse anakwera. Walira mvula walira matope.

Koma ndisaname, ndinakondwa. Usiku wake ndinkangomwetulira ndekha ngati wopenga.

Zida za ntchitoyi zinali zochepa. Panali limu ya galimoto yopachika mumtengo wa mango kuseri kwa golosale, ndi chitsulo choimbira poitana anthu. Tinkakumana Lachitatu, chifukwa Lachisanu ndi la anzathu achisilamu ndipo Lamulungu ndi lathu. Pemphero lotsegulira linkasinthana, sabata ino Mkhristu, sabata yamawa Msilamu. Zina zonse anandiphunzitsa ndi mlembi wathu, a Mwale, mkulu wa mpingo amene sankaseka wamba. Munthu salankhula asanakweze dzanja. Tcheya amalankhula pomaliza, ndipo lamulo ili ndi limene linkandipweteka kwambiri. Limu siimbidwa nthawi ya mapemphero a wina aliyense. Katundu wa kalabu, ngakhale msomali, satuluka popanda voti. "A Tcheya," ankatero, "lamulo likapindika kamodzi siliwongokanso."

Nthawi imeneyo katundu wathu wonyaditsa anali mphanda ndi mapaso a bulugamu amene tinaunjika kwa a Saidi. Tinkafuna kumangira chisakasa choti amayi azibisalamo dzuwa pa sikelo ya ana.

Tsiku lovuta linafika mwezi wa Malichi, fodya wa bale ali m'zigafa. Kwa amene simunalimepo, fodya ameneyu amauma ndi mphepo. Masamba amasokedwa n'kupachikidwa pa mikangala pansi pa denga la udzu, ndipo akanyowa amaola, basi chaka chatha.

Linali Lamulungu m'mawa, ine ndachedwa kutchalitchi, ndikudutsa njira yachidule. Ndinamva kulira kuseri kwa nyumba ya a Nankhoma, mayi wamasiye amene amuna awo anamwalira mbande zili ku nazale. Fodyayo anawokera okha ndi adzukulu awo. Mphepo ya usiku inali itathyola mphanda ziwiri zodyedwa ndi chiswe, ndipo chigafa chonse chinapendekera kumadzulo, chikulira kwee, kwee. A Nankhoma anali atakumbatira mphanda ina ngati angaigwire okha. Kum'mawa mitambo inali itada bii.

"Mwananga, chikagwa ichi ana awa ndiwadyetsa chiyani?"

Ndinavula nsapato n'kuliyatsa liwiro. Ndikufika pa mtengo wa mango, nyimbo inkamveka kuchokera kutchalitchi. Nkhope ya a Mwale inabwera m'maso mwanga. Kenako ndinaimenya limu ija mpaka mkono kuchita dzanzi.

Oyamba kufika anali a Saidi ndi anzawo a m'masitolo. Sanafunse zambiri. Anatseka zitseko, tonse n'kuthamangira kwa a Nankhoma, ndipo analowa pansi pa mtanda wa denga wopendekerawo n'kuuchirikiza ndi mapewa. Posakhalitsa ndinaona chigulu chikubwera kuchokera kutchalitchi, azibambo a masuti, amayi a mabulauzi oyera, ndipo patsogolo a Mwale, Baibulo kukhwapa. Ndinati lero utcheya watha.

A Mwale anayang'ana ine, anayang'ana chigafa, anayang'ana mitambo. Anapatsira mayi wina Baibulo lija n'kulowetsa phewa pansi pa mtanda, jekete osavula.

Amayi tinayamba kupachula mikangala ya mbali yogwayo, kupatsirana mumzere mpaka pakhonde, pang'onopang'ono kuti masamba asathetheke. Koma fodya yense sakanakwana pakhonde. Chigafa chinafunika mphanda zatsopano, ndipo zapafupi zinali za kalabu basi. Ndinauza anyamata kuti amange ngolo akatenge.

"A Tcheya!" Mawu a a Mwale anatuluka pansi pa denga. "Katundu wa kalabu ameneyo. Tivote."

Ndinafuna kulira, ndinafunanso kuseka. Koma anali kunena zoona, mphandazo zinali za ana a ku sikelo, sizinali zanga. Ndinakwera pa mtondo wozondotsa n'kutsegula msonkhano pomwepo, mphepo ikundiulutsira duku. Ndinati amene akuvomereza akweze dzanja.

"Mayi inu!" anakuwa a Saidi, thukuta lili kamukamu. "Tikakweza manja chitiphwanya ichi!"

Anthu anaseka mpaka mtanda kugwedera. A Mwale nawo, kwa nthawi yoyamba ine chiwadziwire, anaonetsa mano. "Mlembi akulola voti ya pakamwa," anatero.

"Ovomereza?"

"Eeee!" Yankholo ndikhulupirira linamveka mpaka kumsika.

Ngolo inabwera ng'ombe zikuthamanga. Ena anakumba maenje ndi zikwanje ndi makasu pafupi ndi mphanda zothyokazo, ena anadzutsa zatsopano n'kutsendera dothi ndi minsi. Kenako onse pamodzi, mmodzi akuwerengera, anakankha mtanda uja mpaka unakhala m'mphanda kuti khwa. Tinamanga ndi luzi ndi zingwe za matayala, anyamata n'kukwera kukatseka pamene udzu unasasuka. Madontho oyamba anatipeza tikubweza mikangala yomaliza.

Mvula yake inali ya mkokomo. Tonse tinapanikizana m'chigafamo, wa kanzu pafupi ndi wa suti, mabulauzi oyera aja atada ndi phula la fodya. Maso onse anali kudenga. A Nankhoma anayenda mzere ndi mzere, akugwira masamba ndi nsonga za zala, mpaka kumapeto. Atatembenuka, misozi inali mbwembwembwe.

"Sanalowe madzi, ana anga. Ngouma."

Nthungululu imene inalira pamenepo sindidzaiiwala. Ine ndinavina, opanda nsapato, m'matope.

Lachitatu lotsatira a Mwale anandidzudzula pamaso pa onse chifukwa choimba limu nthawi ya mapemphero, ndipo ndinapepesa. Atatha, iwo omwewo anakweza dzanja n'kupempha kuti kalabu ikadule mphanda zina za ku sikelo m'munda mwawo wa bulugamu.

Utcheya ndinausiya kalekale, koma chimene ndinaphunzira pansi pa chigafa chija ndimauza aliyense wokhala pampandopo: funsani anthu, ngakhale mvula ili pakhomo. Mphanda zija ndikanazitenga ndekha, a Nankhoma akanakhala ndi ngongole kwa ine. Poti tinavomera tonse, mpaka lero amayenda pa Chamama mutu uli m'mwamba.