Mfundu za Bambo Surette

Ovide Surette anabadwira m'banja la asodzi a nkhanu ku Nova Scotia, koma nyanja inamukana akadali wamng'ono. Akangoponda m'boti, m'mimba munkatembenuka. Bambo ake atamuyesa katatu anagwa mphwayi nati, "Iwe pita ukatsuke mbale kumtunda." Mawu a kholo sagwa pansi. Anatsukadi mbale kuchipatala zaka khumi, kenako anapeza ntchito yotsuka mabotolo m'labotale ina yofufuza zam'nyanja, ndipo imvi zinamupeza pomwepo.

Musaiderere ntchitoyo. Labotaleyo inkayesa ngati zitsulo zimene anthu akufuna kukumba pansi pa nyanja, monga kopa ndi nikelo, zingaphe tizilombo tam'madzi tosaoneka ndi maso. Tizilomboto ankatisunga m'mabotolo. M'mabotolo ena ankadonthezamo chitsulo chosungunula, ena ankawasiya opanda chitsulo kuti pakhale poyerekezera. Ndiye botolo likakhala ndi kachitsulo kake kale, ngakhale kochepa bwanji, ntchito ya miyezi yambiri yalowa m'madzi. N'chifukwa chake Bambo Surette ankaviika botolo lililonse m'asidi kwa sabata yathunthu, n'kulitsukuluza kasanu. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi panalibe botolo lawo lomwe linapezeka ndi vuto, ndipo aliyense wokhala nawo pafupi m'basi ankauzidwa zimenezi, afune asafune.

Akazi awo anamwalira kalekale, ndipo iwo anali atazolowera kudya okha ataimirira. Koma chaka china anayamba kupita kokameta Loweruka lililonse. Anzawo kuntchito anadabwa, chifukwa tsitsi lenilenilo linali longozungulira dazi ngati mpanda wa dimba. Wometayo anali Mayi Lucille Doucet, namfedwa wa pakamwa posapuma, ndipo madalawo anali atagwa m'chikondi mpaka m'khosi. Kunena ndiye kunkawavuta. Ankangokhala pampando n'kumafotokoza za asidi.

Tsiku lina mayiwo anawapatsa sopo wamadzi wotsukira m'mutu. "Tengani uyu, bambo. Mfundu zanuzi zikundidzazira chipale chofewa m'saluni muno, chilimwe chili chonchi."

Bambo Surette ananyamula sopoyo ndi manja awiri. Ankasamba naye m'mawa ndi madzulo, tsiku lina mpaka katatu.

Patapita masabata atatu, tizilombo tinayamba kufa m'mabotolo opanda chitsulo aja. Dokotala Rhona MacAskill, mkulu wa labotaleyo, anayeza madzi, magolovesi, mpweya, zonse zinali bwino. Atayeza mabotolo anapezamo chitsulo china chotchedwa zinki. Bambo Surette zinawapweteka kwambiri, moti kwa masiku awiri sanalankhule ndi munthu m'basi. Tsiku lachitatu dokotalayo anaima kumbuyo kwawo, n'kununkhiza.

"Bambo Surette, kafungo kabwinoka kakuchokera kuti?"

"Ndi kasopo chabe, adokotala."

"Ka mfundu? Mukudziwa kuti mmenemo mumakhala zinki? Ife tikuvutika kutenga matope pansi pa nyanja kuti tipeze poizoni, osadziwa kuti poizoni mwasenza pamutu ndinu!" Anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako ataona nkhope yawo anafewetsa mawu. "Musadandaule, madala. Ingomusiyani sopoyo, muzivala zipewa ziwiri. Basi, nkhani yatha."

Kwa wina ikanathadi. Koma awa anali Bambo Surette, munthu wosakhulupirira chinthu chomwe sichinagone m'asidi, ndipo mutu sauviika m'asidi. Tsitsi linali litamwa zinki, tsitsi linayenera kuchoka lonse. Vuto linali lakuti tsitsi lomwelo ndilo linali chifukwa chawo chokhacho chopitira kwa Mayi Doucet. Munthu wampala akafunako chiyani kosaluni? Anaganiza zimenezi sabata yonse akutsukanso mabotolo mazana anayi, ndipo mtima unkawawawa zenizeni.

Loweruka anakhala pampando uja, n'kuyang'ana pansi.

"Mayi, mundimete mpala."

"Mpala? Mwafedwa kapena?"

"Eya. Tizilombo."

Anafotokoza zonse, osasiya ngakhale nambala ya mabotolo. Mayi Doucet anamvetsera lumo lili m'manja.

"Ndiye mukuti sopo wanga wapha tinthu tanuto?"

"Iyayi, sopo ngwabwino kwambiri. Mfundu zinatha. Kungoti ndi tizilombo tomwe tinatha."

Mayiwo anapukusa mutu n'kuyatsa makina. Sizinatenge nthawi, panalibe zambiri zoti achotse. Atamaliza anapukuta mutuwo ndi kansalu kofunda, motalikitsa kuposa mmene zinafunikira. Bambo Surette anadziyang'ana pagalasi, n'kuona kuti zawo zathera pomwepa. Anaimirira, n'kuvala jekete pang'onopang'ono.

"Zikomo, mayi. Ndiye kuti kuno sindidzabweranso, poti tsitsi latha."

"Aa, mwaona inu! Chaka chonse ndakhala ndikudula mphepo pamutu panupo Loweruka lililonse, lumo likungolira chabe. Mumayesa ndimadula tsitsi liti?"

Bambo Surette anadzisisita pampala paja.

"Mawa mubwere kunyumba nthawi ya nkhomaliro," anatero mayiwo akusesa. "Ndiphika nsomba ndi mbatata. Ndipo chonde, musavutike kufunafuna chifukwa."